Gilgamesh, Chigumula ndi Ndakatulo Zolembedwa Padongo

Zambiri mwa ndakatulo zakale zedi zimene anthu akutha kuwerenga lero zinatipeza kudzera m'manja mwa ana asukulu. Ku Nippur, mzinda umene mabwinja ake ali kummwera kwa Iraq, akatswiri ofukula zakale anapeza kanyumba kamene anangokapatsa dzina loti House F. M'kanyumbamo munali mapale adongo oposa 1,400, ambiri oswekasweka, ena atawatsira pansi ndi m'makoma pokonza nyumbayo. Anali makope a ana ophunzira ulembi cha m'ma 1740 BC. Kawirikawiri mwana akamaliza ntchito yake, phale ankaliviika m'madzi, kulikandanso, mawa n'kulembapo zina. Mapale amene anapulumuka ndi aja anatayidwa kapena kusanduka zomangira, ndipo apo ndi pamene tikuwerenga nkhani za mafumu ndi milungu ya Asumeri, anthu akale a kummwera kwa Iraq, nthawi zina zolakwitsa za mwana wamphwayi zili pomwepo.

Anawo ankaloweza chiyankhulo chimene sankayankhula kwawo. Pofika nthawi imeneyo Chisumeri chinali chitazima pakamwa pa anthu. Pamsika ndi pakhomo ankayankhula Chiakadi, chimene ndi cha banja limodzi ndi Chihebri ndi Chiarabu. Chisumeri chilibe mbale wake wodziwika, wamoyo kapena wakufa. Chinatsalira m'kachisi ndi m'kalasi, ndipo wofuna kutchedwa mlembi weniweni ankayenera kuchidziwa. Choncho kuyambira kalekale ndakatulozi zinkayenda pakati pa ziyankhulo ziwiri, ndipo aliyense wozikopera kapena kuzimasulira ankachotsapo china, kuwonjezerapo china. Anthu amakonda kufunsa kuti anayamba ndani ndipo anabera mnzake ndani. Ine ndimaona kuti funso lopindulitsa ndi lakuti wosimba aliyense anasintha chiyani, nanga anasinthiranji.

Dziko la pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, limene Agiriki analitcha Mesopotamia, ndi losowa miyala ndi mitengo, koma dongo ndi bango n'zosachita kufunafuna. Cha m'ma 3200 BC anthu a mumzinda wa Uruk anayamba kudinda zizindikiro padongo lonyowa ndi kabango kosongola. Kalembedwe kameneka lero amakatcha cuneiform. Zoyamba kulembedwa sizinali ndakatulo ayi, koma chiwerengero cha balere, nkhosa, mowa ndi antchito. Panadutsa zaka pafupifupi 600 nyimbo ndi nthano zisanayambe kuoneka padongo, ku Shuruppak ndi ku Abu Salabikh.

Asumeri anali ndi nkhani yawoyawo ya mmene kulemba kunayambira. Enmerkar, mfumu ya Uruk, ankalimbana ndi mfumu ya Aratta, dziko la golide, siliva ndi miyala yamtengo wapatali kuseri kwa mapiri asanu ndi awiri. Inali nkhondo ya mawu ndi kuyesana nzeru, mthenga akupita uku ndi uku atasunga uthenga pamtima. Tsiku lina uthengawo unatalika, pakamwa pa mthenga panalemera, analephera kuubwereza. Enmerkar anatenga dongo, kulipapasa, n'kulembapo mawuwo. Mfumu ya Aratta italandira phalelo inaliyang'ana n'kuona timisomali tokhatokha, nkhope inachita tsinya. Ndakatuloyo imanena mosabisa kuti izi zisanachitike kunalibe kulemba mawu padongo.

Gilgamesh amatchulidwa pamndandanda wa mafumu a Asumeri kuti analamulira Uruk zaka 126. Akatswiri ambiri amaganiza kuti kunalidi mfumu ya dzinali cha m'ma 2700 BC, ngakhale zaka 126zo ndi zokometsera. M'Chisumeri muli ndakatulo zisanu zosiyana za iyeyu, iliyonse payokha: kukangana kwake ndi Aga mfumu ya Kish, ulendo wokapha Huwawa mlonda wa nkhalango, kupha Ng'ombe ya Kumwamba, kutsikira kwa Enkidu kudziko la akufa, ndi imfa ya Gilgamesh mwini. Mafumu a ku Ur ankazikonda kwambiri, makamaka Shulgi, amene analamulira zaka 48 cha m'ma 2000 BC ndipo ankadzitcha mbale wake wa Gilgamesh. Mfumu yofuna kuti anthu aziiopa imapindula ikakhala ndi m'bale wotere. M'ndakatulo zimenezi Enkidu kawirikawiri ndi wantchito chabe wa mfumu. Musunge zimenezo, chifukwa zisintha.

Dzina la wolemba silinkaikidwa pa ndakatulo zotere. N'chifukwa chake Enheduanna amatchuka. Anali mwana wamkazi wa Sargon wa ku Akkad, mfumu imene inagonjetsa mizinda ya Asumeri cha m'ma 2300 BC, ndipo bambo akewo anamuika kukhala mkulu wa ansembe a Nanna, mulungu wa mwezi, ku Ur. Leonard Woolley anapeza mwala wozungulira wokhala ndi chithunzi ndi dzina lake m'ma 1920. Mu nyimbo ina yotamanda Inanna, mulungu wamkazi amene m'Chiakadi amatchedwa Ishtar, woyankhula amadzitchula kuti ndine Enheduanna, n'kudandaula kuti wapirikitsidwa m'kachisi ndi munthu wogalukira dzina lake Lugalanne. Makope amene tili nawo analembedwa zaka mahandiredi angapo iye atamwalira, motero akatswiri ena amakayika ngati mawu onsewo ndi akedi. Koma palibe dzina lina la mlakatuli lakale kuposa limeneli.

Pa kamangidwe, ndakatulozi sizidalira kufanana kwa mathero a mizere. Mphamvu yake ili pa kubwereza. Mzere umanena chinthu, wotsatira n'kuchinenanso m'mawu ena kapena kuwonjezerapo dzina limene mzere woyamba unabisa. Wozolowera Masalimo sangadabwe nazo. Uthenga ukatumidwa, timaumva wonse pamene akuutuma ndiponso wonse pamene ukuperekedwa. Pa pepala zimatopetsa, koma zinkakonzedwera khutu, woyimba ali ndi zeze m'manja.

Cha m'ma 1800 BC mlakatuli wina wa Chiakadi, amene dzina lake silinasungidwe, anatenga nkhani zobalalikazo n'kuumba ndakatulo imodzi yaitali. Chachikulu chimene anachita ndi kusandutsa Enkidu wantchito uja kukhala bwenzi lapamtima lofanana mphamvu ndi mfumu. Ndi kusintha kumeneku, imfa ya Enkidu inakhala msana wa nkhani yonse. Patapita zaka mahandiredi ena, mwina cha m'ma 1100 BC, ndakatuloyo inakonzedwanso, ndipo alembi a pambuyo pake ankati ntchitoyo inali ya Sin-leqi-unninni. Imeneyi ndi imene anthu ambiri amawerenga lero. Ili pa mapale 12 ndipo inali ndi mizere pafupifupi 3,000. Yakale ija inkayamba ndi kutamanda mfumu yoposa mafumu onse. Yatsopanoyi imayamba ndi munthu amene anaona zakuya, anayenda ulendo wautali, natopa, kenako n'kulemba masautso ake onse pamwala. Ngwazi yankhondo inasanduka munthu wophunzira chifukwa chovutika.

Nkhani yake ndi iyi. Gilgamesh, amene magawo awiri mwa atatu a thupi lake ndi aumulungu, akuzunza anthu a mu Uruk. Anyamata sakupuma, ndipo mkwatibwi aliyense amayamba wagona naye iyeyo mwamuna wake asanamukhudze. Anthu atalira, mulungu wamkazi Aruru anatsina dongo, kuliponya kuthengo, n'kukhala Enkidu, munthu waubweya thupi lonse, wodya udzu ndi mbawala ndi kumwa nazo pachitsime chimodzi. Mlenje wina atatopa ndi kuonongeredwa misampha anabwera ndi Shamhat, mkazi woyendayenda wa mu Uruk. Enkidu anakhala naye masiku 6 ndi mausiku 7. Atabwerera kwa nyama zija, zinamuthawa, ndipo miyendo yake sinathenso kuthamanga ngati kale, koma nzeru zinali zitamuchuluka. Kwa abusa anamuikira mkate ndi mowa, iye n'kumangoziyang'ana osadziwa chochita nazo. Shamhat atamulimbikitsa anadya mpaka kukhuta, kumwa mitsuko isanu ndi iwiri, nayamba kuyimba. Anamumeta, kudzola mafuta, kuvala. Kwa anthu a ku Mesopotamia, umunthu unkayambira pamenepo.

Enkidu anatsekereza Gilgamesh pakhomo la nyumba yaukwati, anagwirana mpaka mafelemu a chitseko kugwedezeka, pambuyo pake anapsompsonana n'kukhala abwenzi. Pofuna kusiya dzina, Gilgamesh anakoka mnzakeyo kupita ku nkhalango ya mikungudza kukapha Humbaba, Huwawa uja wa Asumeri, amene Enlil, mkulu wa milungu, anamuika kulondera mitengoyo. Humbaba anapempha kuti amuleke ndi moyo, Enkidu anakana. Atabwerako, mulungu wamkazi Ishtar anafunsira Gilgamesh ukwati, iye n'kumuyankha pomuwerengera amuna onse amene anawakonda n'kuwaononga. Ishtar anatumiza Ng'ombe ya Kumwamba, awiriwo anaipha, ndipo Enkidu anadula mwendo wake n'kumugenda nawo Ishtar. Milungu inagamula kuti mmodzi afe.

Kuyambira apa ndakatuloyo imayenda pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene pali ulemerero wake. Enkidu akulota atakokeredwa ku Nyumba ya Fumbi, kumene wolowa satulukanso, chakudya ndi dothi, anthu avala nthenga ngati mbalame, zisoti za mafumu zaunjikidwa mulu, eni ake akutumikira patebulo. Akutukwana chitseko chimene anapanga ndi mkungudza wa m'nkhalango ija, akutukwana mlenje, akutukwana Shamhat amene anamuchotsa kuthengo. Shamash, mulungu wa dzuwa, akumufunsa chifukwa chotembererera mkazi amene anamudyetsa, kumuveka ndi kumupezera bwenzi, Enkidu n'kubweza mawu ake ndi kumudalitsa. Atadwala masiku 12 anamwalira. Gilgamesh anamuphimba nkhope ngati mkwatibwi, n'kumazungulira mtembo ngati mkango waukazi wolandidwa ana. Anakana kumuika m'manda masiku 6 ndi mausiku 7, akuti mwina adzuka, mpaka mphutsi inagwa kuchokera m'mphuno mwake. Mphutsi imeneyo ndiyo inamuuza mfumu kuti nayonso idzafa.

Anavala chikopa cha mkango n'kuuyamba ulendo wofuna Utnapishtim, munthu amene milungu inamupatsa moyo wosatha pamodzi ndi mkazi wake. Anadutsa anthu okhala ngati zinkhanira olondera phiri la Mashu, anathamanga mumdima wa njira ya dzuwa, nafika m'mphepete mwa nyanja kwa Siduri, mayi wogulitsa mowa. M'ndakatulo yakale ija ya cha m'ma 1800 BC, mayiyu akumulangiza kuti moyo umene akufunawo sadzaupeza, chifukwa milungu polenga anthu inawagawira imfa, moyo n'kudzisungira. Akumuuza kuti adye akhute, asangalale usana ndi usiku, avale zoyera, asambe m'mutu, ayang'ane kamwana kamene kamugwira dzanja, ndipo mkazi wake akondwere pachifuwa pake. Tsegulani Mlaliki 9:7-9 muone: kudya, kumwa, zovala zoyera, mafuta pamutu, mkazi wokondedwa, pafupifupi m'ndondomeko yomweyo. Chodabwitsa n'chakuti ndakatulo yokonzedwanso ija ilibe malangizo amenewa. M'malo mwake Utnapishtim ndiye akupereka mawu ozizira kwambiri onena za imfa imene imathyola munthu ngati bango ndipo palibe anaonapo nkhope yake. Ndimaona kuti wokonzayo anataya ndime yokoma koposa zonse, koma sanaitaye mwangozi. Sanafune kuti Gilgamesh atonthozedwe msanga.

Utnapishtim anamuyesa: ngati ukufuna kugonjetsa imfa, yamba wagonjetsa tulo kwa masiku 6 ndi mausiku 7. Gilgamesh atangokhala pansi tulo tinamuphimba ngati nkhungu. Podziwa kuti munthu sachedwa kukana, Utnapishtim anauza mkazi wake kuti tsiku lililonse aziphika mkate n'kuuika kumutu kwa mlendoyo. Atadzutsidwa, Gilgamesh anati wangotsinzina pang'ono. Anamuonetsa mikateyo: woyamba wouma gwaa, wina wolimba ngati chikopa, wina wachita chuku, womaliza ukadali pamakala. Pomumvera chisoni anamuuza za chomera chaminga cha pansi pa nyanja chobwezera unyamata. Anamanga miyala kumapazi, kumira, kuchizula. Ali m'njira yobwerera anaima padziwe kuti asambe, njoka inamva fungo la chomeracho, kuchitenga, ndipo pochoka inafundula. Gilgamesh anakhala pansi n'kulira. Atafika kwawo anangouza Urshanabi, mwini bwato amene anabwera naye, kuti akwere palinga la Uruk aone njerwa zake zootcha, ndi mmene mzindawo unagawidwira: nyumba, minda ya kanjedza, maenje a dongo ndi kachisi wa Ishtar.

Phale la 12 ndi lomata pambuyo. Ndi kumasulira kwa theka la imodzi mwa ndakatulo zachisumeri zija, ndipo Enkidu, amene tamuika kale m'manda, akupezekanso wamoyo poyamba. Mzimu wake ukubwera kudzafotokoza za kumanda. Wakufa amene anasiya mwana mmodzi akulira, wa ana asanu ndi awiri wakhala pampando ngati mnzawo wa milungu, ndipo wopanda womutsirira nsembe akudya makoko a mumphika ndi nyenyeswa zotayidwa m'njira. Ndakatulo yachisumeriyo imawonjezera kuti ana obadwa akufa akusewera patebulo la golide ndi siliva lodzaza uchi ndi mafuta amkaka.

Tsono za chigumula. Nkhani imene Utnapishtim akusimba pa phale la 11 si ya ndakatulo ya Gilgamesh poyambirira. Inatengedwa ku ndakatulo ina, ya Atrahasis, imene kope lake lodziwika bwino linalembedwa cha m'ma 1635 BC, m'masiku a mfumu Ammisaduqa ya ku Babylon, Babulo wa m'Baibulo, ndipo mlembi wake anawerengera yekha kuti ili ndi mizere 1,245 pa mapale atatu. Imayamba anthu kulibe. Milungu yaing'onoing'ono ndiyo ikukumba ngalande, ndipo itatopa inanyanyala ntchito, kutentha makasu ndi madengu, n'kukazinga nyumba ya Enlil pakati pa usiku. Pothetsa mkanganowo anapha mulungu mmodzi, kusakaniza magazi ake ndi dongo, n'kuumba anthu kuti asenze ntchitoyo. Anthu anaswana, phokoso lawo linamusowetsa tulo Enlil. Anatumiza mliri, kenako chilala, kenako njala, koma nthawi zonse mulungu Enki ankanong'oneza Atrahasis, yemwe ndi Utnapishtim yemweyo m'dzina lina, njira yopulumukira. Pomaliza analumbiritsana kuti abweretse chigumula ndipo wina asaulule. Enki sanauze munthu ayi, anayankhula ndi khoma la bango, Atrahasis ali kuseri akumva.

Kufanana kwake ndi nkhani ya Nowa n'kosachita kufunsa. Pali munthu mmodzi wochenjezedwa, chingalawa chomatidwa ndi phula, nyama, kuima paphiri, mbalame zotumidwa kukaona ngati madzi aphwa, ndi nsembe potuluka. Utnapishtim anatuma nkhunda, namzeze, kenako khwangwala amene sanabwerere. Nowa anayamba ndi khwangwala, nkhunda pambuyo. Koma taonani zosiyana. Chingalawa cha Utnapishtim n'chofanana mbali zonse, mikono 120 uku ndi uku, pamene cha Nowa ndi mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi ndi 30 msinkhu. Phale lina limene Irving Finkel wa ku British Museum analifalitsa mu 2014 limati chinali chozungulira, cholukidwa ndi zingwe, ngati timabwato timene tinkayenda m'mitsinje ya Iraq mpaka posachedwapa. Mvula ya Utnapishtim inatha sabata imodzi, ya Nowa masiku 40.

Kusiyana kwenikweni kuli pa chifukwa. Mu Atrahasis anthu aphedwa chifukwa chochuluka ndi kusokosa. Mu Gilgamesh chifukwa sichinenedwa n'komwe, milungu inangoganiza kutero, popeza wosimbayo akungofuna kufotokoza mmene munthu mmodzi anapezera moyo wosatha ndi kuti mwayi wotero sudzabweranso. Mu Genesis dziko ladzala ndi chiwawa ndipo chigumula ndi chiweruzo. Milungu ya ku Mesopotamia inachita mantha ndi madzi ake omwe, n'kukabisala kumwamba itadzipinda ngati agalu, ndipo popeza anthu oidyetsa anali atafa, inamva njala n'kuunjirira nsembe ngati ntchentche. Pa Genesis 8:21 Mulungu akumvanso fungo lokoma la nsembe, koma sali ndi njala. Atrahasis imatha ndi njira zochepetsera anthu: akazi osabereka, chiwanda cholanda makanda, ndi akazi operekedwa kukachisi osaloledwa kubala. Genesis 9 imayamba ndi lamulo loti mubalane, muchuluke. Ngakhale khalidwe la wopulumukayo ndi losiyana. Utnapishtim ananamiza anthu a mumzinda wake kuti kukubwera mvula ya chakudya chochuluka, ndipo mmisiri amene anamata khomo la chingalawa ali kunja anamupatsa nyumba yachifumu ndi katundu yense ngati malipiro.

Akatswiri amasiyana maganizo pa njira imene nkhanizi zinakumanira. Chodziwika n'chakuti njira zinalipo zambiri. Chiakadi chinali chiyankhulo cha makalata a mafumu kuchokera ku Egypt mpaka ku Anatolia (Turkey wa lero), ndipo mlembi aliyense wochiphunzira ankakopera ndakatulo zomwezi. Zidutswa za Gilgamesh zapezeka ku Hattusa m'dziko la Turkey, kumene anamumasuliranso m'Chihiti ndi m'Chihuri, ku Ugarit ndi ku Emar m'dziko la Syria, ndiponso ku Megiddo m'dziko la Kanani lenilenilo. Pambuyo pake Ayuda anatengedwa ukapolo ku Babylon mu 597 ndi 586 BC. Okhulupirira ena amaona kufananaku ngati umboni wakuti mitundu yonseyi inkakumbukira chinthu chimodzi chimene chinachitikadi, ena amaona olemba Genesis akuyankha dala nkhani ya anansi awo. Onse awiri ayenera kuvomereza kuti mapale a Atrahasis ndi akale kuposa zolemba zilizonse za Chihebri zimene zilipo.

Pali ndakatulo zinanso zimene zinasiya mapazi. Enuma Elish, ya mapale 7, imasimba mmene Marduk, mulungu wa Babylon, anaphera Tiamat, mayi wa nyanja, kumung'amba pakati n'kupanga thambo ndi dziko, Tigris ndi Euphrates n'kumatuluka m'maso mwake. Inkawerengedwa m'kachisi pa chikondwerero cha chaka chatsopano, ndipo cholinga chake chandale sichibisika: mulungu wa mzinda wolamula akhale mfumu ya milungu yonse. Asuri ataikopera anangofufuta dzina la Marduk n'kuikapo la mulungu wawo Ashur. Nthano ya kubadwa kwa Sargon imati mayi ake anamubereka mobisa, kumuika m'kadengu ka bango komata ndi phula n'kumusiya pamtsinje, zimene wowerenga Eksodo 2 azizindikira. Dumuzi, mwamuna wa Inanna amene anaperekedwa kudziko la akufa m'malo mwa mkazi wake, ndiye Tamuzi amene akazi akumulira pachipata cha kachisi pa Ezekieli 8:14, ndipo mpaka lero mwezi wa Julaye ku Iraq, Syria ndi Lebanon umatchedwa Tammuz. Ena amaonanso mthunzi wa Gilgamesh ndi Enkidu pa Achilles ndi Patroclus a Agiriki, mpaka fanizo la mkango wolandidwa ana lilipo konsekonse, ngakhale apa umboni wake ndi wopepukirapo.

Kenako zonse zinaiwalika. Zilembo za Chiaramu, zosavuta kuphunzira ndiponso zolembeka ndi inki, zinalanda malo a cuneiform pang'onopang'ono. Mapale omaliza odziwika ndi a zakuthambo, a cha m'ma 75 AD. Dzina la Gilgamesh linatsalira apa ndi apo, monga m'mipukutu yakale ya Ayuda ya ku Qumran kumene ndi chimodzi mwa zimphona, koma ndakatulo yake palibe ankaidziwa kwa zaka pafupifupi 1,800.

Chinaisunga ndi moto. Ashurbanipal, mfumu ya Asuri kuyambira 668 BC, anasonkhanitsa mapale ochuluka ku Nineveh, mzinda uja wa Yona. Mu 612 BC Amedi ndi ankhondo a ku Babylon anautentha mzindawo. Mabuku a zikopa kapena a matabwa anapsa, koma dongo likalowa pamoto limalimba ngati njerwa za mu uvuni. Austen Henry Layard ndi Hormuzd Rassam, mbadwa ya ku Mosul imene nthawi zambiri imaiwalika potchula za ntchitoyi, anafukula mapalewo cha m'ma 1850 n'kuwatumiza ku London, zidutswa pafupifupi 30,000. Kuwerenga kwake kunatheka mothandizidwa ndi mawu a mfumu Darius ozokotedwa m'ziyankhulo zitatu pathanthwe la Behistun ku Iran. Mu 1857 bungwe la Royal Asiatic Society linayesa anthu anayi, Henry Rawlinson, Edward Hincks, Julius Oppert ndi Fox Talbot, powapatsa mawu amodzi kuti aliyense amasulire payekha. Zomasulira zawo zitagwirizana, okayika anachepa.

George Smith sanapite kuyunivesite. Anaphunzira ntchito yozokota zitsulo zosindikizira ndalama, ndipo nthawi ya nkhomaliro ankaithera ku British Museum mpaka anamulemba ntchito yosanja zidutswa. Mu 1872 anawerenga pa chidutswa china za chingalawa choima paphiri ndi nkhunda yotumidwa. Akuti anasangalala mpaka kuyamba kuvula zovala anthu akuona. Pa 3 Disembala chaka chomwecho anafotokoza zimene anapeza pamsonkhano umene panali nduna yaikulu ya Britain, William Gladstone. Nyuzipepala ya Daily Telegraph inamulipirira ulendo wokafuna gawo losowa, ndipo mu 1873, atangokumba masiku ochepa ku Nineveh, anapeza chidutswa chonena za chigumula. Pambuyo pake zinadziwika kuti chinali cha Atrahasis, osati Gilgamesh. Anamwalira ku Aleppo mu 1876 ali ndi zaka 36. Chifukwa cha mmene inatulukira, kwa nthawi yaitali anthu ankaiona ndakatuloyi ngati mboni pa mlandu wa Baibulo, ena oikira kumbuyo, ena otsutsa, ndipo zinatenga nthawi kuti ayambe kuiwerenga payokha.

Mpaka pano ndakatulo ya Gilgamesh ndi yosakwanira. Pafupifupi gawo limodzi mwa atatu likusowa kapena ndi loduka, ndipo womasulira wachilungamo amasiya mipata pamene dongo linabenthuka. Andrew George wa ku London anasonkhanitsa zidutswa zonse zodziwika mu 2003. Ku yunivesite ya Munich, gulu lotsogozedwa ndi Enrique Jiménez likugwiritsa ntchito kompyuta kufufuza zidutswa zolumikizana pakati pa zikwizikwi zimene zakhala m'madirowa osawerengedwa. Vuto lina ndi akuba. Nkhondo za ku Iraq zinatsegulira njira anthu okumba mabwinja mobisa. Phale lina la maloto a Gilgamesh linagulidwa ndi kampani ya Hobby Lobby ya ku America mu 2014 pamtengo woposa madola 1.6 miliyoni, boma la America linalilanda mu 2019, ndipo linabwezedwa ku Iraq mu 2021.

Nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Sulaymaniyah, kumpoto kwa Iraq, inasankha kumagula mapale kwa ozembetsa osawafunsa mafunso, kuti asatuluke m'dzikomo. Njirayi ili ndi oitsutsa, chifukwa wakuba akalipidwa amakakumbanso. Koma mu 2011 inagula phale limene Farouk Al-Rawi analizindikira kuti ndi lachisanu la Gilgamesh, ndipo iye ndi Andrew George atalifalitsa mu 2014 panapezeka mizere pafupifupi 20 yatsopano. Nkhalango ya mikungudza, imene owerenga ankaiganizira kuti ndi yachete ndi yoopsa, inapezeka yodzaza phokoso: mbalame zikuyankhizana, nyenje zikulira, anyani akukuwa ngati gulu la oyimba ndi ang'oma pabwalo la mfumu, ndipo mfumuyo ndi Humbaba. Atamupha ndi kugwetsa mitengo, Enkidu akuuza mnzake kuti nkhalango ija aisandutsa chipululu, n'kufunsa kuti akamuyankha chiyani Enlil akakawafunsa ku Nippur. Asanachoke, awiriwo akuphanso ana asanu ndi awiri a Humbaba.